Mtchona wa ku Toronto

Dzina lenileni la bungwe lotengera anthu kumigodi linali Witwatersrand Native Labour Association, koma agogo athu, poopa kudziluma lilime, anangoti Wenela. Mpaka lero depoti ya mabasi ku Blantyre imatchedwa choncho, chikhalirecho a Kamuzu anaimitsa maulendo a kumigodi ya Kujoni mu 1974, ndege ya anthu obwerera kwawo itagwa ku Francistown.

Kujoni komweko ndi kumene kunatchukira mawu oti mtchona, munthu wopita osabwerako, kalata osalemba, mkazi atatopa n'kudikira. Nanga m'bale wathu wa ku Toronto uja? Ndalama amatumiza, Lamlungu lililonse amaimba pa WhatsApp atavala chijasi, koma pamaliro saoneka. Kumudzi amamutchabe mtchona, makamaka ndalamazo zikangotha.

Mzinda wakewo nawo uli ndi maina a miseche. Achinyamata amautcha "the 6ix", dzina lomwe analitchukitsa woimba Drake. Achikulire amati Hogtown, mudzi wa nkhumba, ndipo ambiri amaloza chala kampani ya William Davies imene inkapha nkhumba zankhaninkhani kumeneko. Dzina ili m'bale wathu sanalitchulepo pa foni.