Ulemu Upite kwa Inki ya M'botolo

Pa Dedza timadziwa kutama zinthu. Kachewere wa ku Bembeke amatamidwa ndi aliyense wodutsa mumsewu wa M1, mbiya za ku Dedza Pottery zakhala zikuyamikiridwa kuyambira 1987, ndipo ngakhale chisanu chathu cha mu June, chong'amba milomo ndi zidendene chija, timachitchula monyadira tikapita kwa anzathu a ku Nsanje. Koma pali mtumiki mmodzi amene wakhetsa thukuta pa boma pano zaka zambiri popanda womuombera m'manja. Amakhala m'kabotolo ka pulasitiki ka mamililita 100, kuseri kwa kauntala, pambali pa sitepula yothyoka. Mfunda wake sudziwika, kwawo sikudziwika. Pa kabotolopo amangolembapo kuti amagwira pa pulinta iliyonse, ndipo ife timakhulupirira. Ndikunena inki yothira ndi jakisoni, imene amwano amaitcha ya feki.

Kuti muone ukulu wake, yambani mwaona mkulu wake wa m'bokosi, inki ya orijino. Iyeyu ndi munthu wolemekezeka. Amabwera atavala chikwama chonyezimira, ali ndi chidindo pachifuwa, ndipo sapezeka m'golosale wamba; nthawi zambiri mumachita kumukwerera minibasi makilomita oposa 80 kukamutenga ku Lilongwe. Mukamutsegula mupeza kuti katiriji yakuda ya HP 305, imene ili m'mapulinta ambiri a m'nyumba, ili ndi inki yokwana mamililita 2 basi. Supuni ya tiyi imalowa mamililita 5, ndiye werengani nokha. Eni ake amati imakwanira masamba pafupifupi 120. Tiyerekeze mphunzitsi wa Sitandade 8 ku Linthipe ali ndi ana 70 ndipo wakonza mayeso a masamba awiri okonzekera a MANEB. Akufunika masamba 140. Mkulu wolemekezeka uja athera panjira, ana khumi asanalandire mapepala.

Mtengo wake ndiye usanene. Mu 2021 bungwe la ku Britain loteteza ogula, lotchedwa Which?, linawerengetsa mtengo wa inki ina ya Epson n'kupeza kuti lita imodzi ikufika mapaundi 2,410. Palibe mafuta onunkhira kapena chakumwa cha mabwana chimene ndinachionapo pa Dedza pano chofika pamenepo. Chinsinsi chake n'chakuti makampaniwa amagulitsa pulinta yaing'ono motchipa dala, podziwa kuti phindu adzalipeza pa inki. Zili ngati munthu wakugulitsani mbuzi pamtengo wa nkhuku, koma n'kukuuzani kuti msipu wake muzigula kwa iye yekha, ndipo ikadya wa kudambo ifa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, msipu uja unangoti dzii kukwera, moti makatiriji awiri, yakuda ndi yamitundu, anayamba kupikisana mtengo ndi pulinta yeniyeniyo.

Komanso mkuluyu ndi watsankho. Pulinta ya mtundu umodzimodzi, monga HP DeskJet 2130, imafuna katiriji ya nambala 123 ikagulidwa kuno ku Africa, ya 302 ikagulidwa ku Ulaya, ndi ya 63 ikagulidwa ku America. Ndiye achemwali anu a ku Leeds akutumizirani pulinta mwachikondi, inu mwagula katiriji ku Lilongwe, mwaiika, ikulowa bwinobwino, koma makina akuti sakuidziwa. Ife amene timakhala pamalire, amene timawolokera ku Mozambique kukagula chitenje n'kubwerako nsima isanazizire, sitimvetsa kuti inki ingafunenso chiphaso choyendera.

Inki ya m'botolo ilibe zonsezi. Siifunsa kuti pulinta yanu inabadwira kuti. Siifunsa lisiti. Kabotolo kamodzi kangathe kudzaza kakatiriji ka mamililita 2 kaja maulendo 50, ngati katirijiyo ingakhale ndi moyo kufika pamenepo, zomwe sizichitika, koma limenelo ndi vuto la katiriji.

Mukafuna kuona luso, imani pa kashopu ka fotokope kufupi ndi depoti Lolemba m'mawa. Mnyamata amatulutsa katiriji, amamatula kapepala kapamwamba ndi chikhadabo, ndipo pansi pake pamaoneka timabowo. Mkati mwake muli siponji chabe. Amakoka inki ndi jakisoni, amalowetsa singano, n'kumakankha pang'onopang'ono atagwira mpweya, chifukwa akapupuluma inki imatulukira kunsi n'kukathera pa thalauza. Katiriji yamitundu ndiyo imafuna mtima wa fulu. Ili ndi zipinda zitatu, cha buluu, cha pinki ndi cha chikasu, ndipo pamwamba zonse zimaoneka zofanana. Wodziwa amayamba waviika kamtengo ka machesi m'bowo kuti aone mtundu umene uli m'menemo. Wosadziwa amathira chikasu m'chipinda cha buluu, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chotuluka m'makinawo chimakhala chamtundu wa matope. Akamaliza amadinda katiriji pa tishu yonyowa. Mizere itatu ikaoneka, amamwetulira. Ikakana, amatumiza mwana kukapempha madzi ofunda kwa mayi ogulitsa tiyi, n'kuviika kunsi kwa katiriji m'kasosala mpaka timabowo titatseguka.

"Achimwene, imeneyi siyiononga makina?" amafunsa kasitomala.

"Bwana, inki ndi yomweyo, changosiyana ndi bokosi."

"Nanga ija munandithirira ija, bwanji makina anafa?"

"Makina amafa okha, bwana. Ngakhale munthu amafa."

Zala za mnyamatayu zimakhala zakuda sabata yonse, sopo wakanika, mchenga wakanika. Ku ukwati amapereka moni ndi chigongono. Ndi ntchito ingati masiku ano imene munthu amayenda ndi umboni wake m'manja?

Chinthu china chimene inkiyi yatiphunzitsa ndicho kusamvera makina. Mukadzaza katiriji mpaka pakamwa, pulinta imapitirizabe kudandaula kuti inki yatha. Siyikunama mwadala, ilibe maso oonera mkati. Imangowerenga madontho amene yalavula kuyambira tsiku limene katiriji inalowa, ndipo chiwerengero chikakwana imalira. Pa mapulinta ambiri a Canon mumangodina batani loimitsira kwa masekondi asanu kapena kupitirirapo, ndipo makina amatseka pakamwa n'kupitiriza ntchito. Anthu amene tinaleredwa kuti zolembedwa sizitsutsidwa, lero tikutsutsa uthenga wa pa sikirini ndi chala chimodzi.

Tsopano tifike pa luso lake la zojambulajambula, pomwe adani ake amalakwitsa kwambiri pomunyoza. Pulinta ikakhala masabata angapo osagwira ntchito, inki imauma m'timabowo tolavulira, timene ndi tating'ono kuposa tsitsi. Ya orijino nayo imauma, tisaname, koma yathuyi imachita mwachangu ndiponso mosankha: imatseka mtundu umodzi n'kusiya inayo. Kubiriwira pa pepala kumapangidwa posakaniza buluu ndi chikasu. Ndiye tangoganizani, kwatsala masiku ochepa kuti ifike 6 July, aphunzitsi akufuna timbendera toti ana anyamule, koma buluu watseka. Mzere wakuda watuluka bwino, wofiira watuluka bwino, koma wapansi uja watuluka wachikasu. Kuda, kufiira, chikasu: ana a ku Lobi akuguba ndi mbendera ya Germany yokhala ndi dzuwa lotuluka pamwamba. Ndi kazembe uti amene anamangapo ubale wa mayiko awiri pamtengo wotsika chonchi?

Pa makadi a ukwati imachita zoposa. Pinki akatseka, nkhope ya mkwati imatuluka yobiriwira. Buluu akatseka, mkwatibwi amafiira mpaka azakhali ake kufunsa ngati wayamba kudzola mafuta oyeretsa. Nthawi zina imadutsitsa mizere yoyera pankhope za onse awiri, motero wolandira kadi amakakamizika kupita ku ukwatiwo kuti akaone yekha amene akukwatirana. Perekaniperekani amapindula.

Koma ukoma wake waukulu, umene ine ndimauvulira chipewa, ndi kuiwala. Inki zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi utoto wosungunuka m'madzi; imalowa m'pepala, imawala bwino, koma dzuwa limaifwifwitsa ndipo madzi amaisungunulanso. Ina ndi timibulu tolimba tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, timene timakakamira pa pepala n'kukhala zaka. Yambiri ya m'mabotolo otchipa ndi ya mtundu woyambawo. Anthu akale a dera lino anasankha wachiwiri. Pitani ku Chentcherere, ku Mphunzi kapena ku Namzeze mukaone zojambula za pamiyala za Chongoni, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula pogwiritsa ntchito dothi lofiira, zoyera anajambula ndi makolo athu Achewa ndi dothi loyera, pa nkhani za chinamwali ndi za kudambwe. Papita zaka mazanamazana, zilipobe. Ndipo taonani mavuto ake: zinsinsi zimene anamkungwi ankaphunzitsa anamwali mobisa, lero alendo ochokera kutsidya la nyanja akuzijambula ndi mafoni. Akadagwiritsa ntchito inki ya m'botolo, pofika nyengo yokolola mwambo wonse ukadakhala utasungika.

Inkiyi siisunga chakukhosi. Mndandanda wa amene sanabweze ngongole ku banki mkhonde ukamatidwa pakhoma loyang'ana dzuwa, pakatha miyezi yochepa maina onse amakhala atakhululukidwa. Malonjezo a wofuna ukhansala, a mjigo ndi mlatho, amafwifwa pa mtengo wa paini iye asanalumbiritsidwe n'komwe, ndipo palibe angamugwire mawu. Mnyamata wonyamula kalata yofunsira ntchito kuchokera ku Thete pa kabaza, m'chifunga ndi mvula yowaza ija, amafika pa boma zilembo zikulira misozi yakuda. Abwana owerenga kalatayo amaona okha kuti ofunsirayo ali pamavuto enieni. Walira mvula walira matope, ndipo amene walira inki yotchipa asadabwe ikayenda.

(Kwa amene ali ndi mapepala a munda, a ukwati kapena kope ya satifiketi ya MSCE, ndingonong'oneza kuti pitani nawo pa makina a fotokope aakulu aja, a ufa wakuda wotchedwa tona umene umawotcheredwa pa pepala. Inki yathu ndi ya zinthu zofunika sabata imodzi: mayeso, ndondomeko ya maliro, chidziwitso cha msonkhano wa makolo. Kuipatsa za muyaya n'kuisenzetsa katundu wa eni.)

Tisaiwalenso kuti imalemba anthu ntchito. Mapulinta ambiri a HP ndi Canon amalavula inki poitenthetsa: kachitsulo kakang'ono kamapsa m'kuphethira kwa diso, inki imachita thovu, thovulo limakankha dontho kupita pa pepala. Inki yomweyo ndiyo imaziziritsa kachitsuloko. Ikakhala yolimba kwambiri, kapena yamadzimadzi kwambiri, kapena ikatha mwini wake osadziwa chifukwa anatseka pakamwa pa makina ndi batani lija, kachitsulo kamapserera. Akonzi a makompyuta pa Dedza adya nsima ya ndiwo zankhuli chifukwa cha zimenezi, ndipo sindinamvepo mmodzi akunyoza inki ya m'botolo ndi mtima wonse.

Munthu amadziwika kukula kwake poona adani ake. Kabotolo kopanda mfunda aka kasowetsa tulo makampani a ku America ndi ku Japan. Anaika kachipangizo kotchedwa chip pa makatiriji kuti pulinta izizindikira mwana wa m'nyumba ndi mwana wobwera. Mu September 2016 mapulinta ambiri a HP m'mayiko osiyanasiyana anadzuka tsiku limodzi n'kuyamba kukana makatiriji a makampani ena, chifukwa cha malangizo amene kampaniyo inali italowetsa m'makinawo. Anthu anakwiya ndipo kampaniyo inapepesa. Mu 2020 boma la Italy linailipiritsa mayuro 10 miliyoni pa nkhani yosawauza bwino ogula za malire amenewa. Mu 2017 Khoti Lalikulu la ku America linaweruza mlandu wa pakati pa Lexmark ndi kakampani kakang'ono kodzaza makatiriji akale, Impression Products, ndipo linati chinthu ukagulitsa wagulitsa, sungagwiritsenso ntchito lamulo la umwini wa luso kuletsa wogula kuchita nacho zimene akufuna. Agogo aliyense wa pa msika wa Chimbiya akanaweruza chimodzimodzi popanda kuvala wigi. Ndipo mu January 2024 mkulu wa HP, Enrique Lores, anauza wailesi ya kanema ya CNBC kuti makatiriji achilendo angathe kulowetsa mavairasi m'makompyuta, komanso kuti wogula pulinta amene sagula inki yawo ndi kasitomala woluzitsa. Mnyamata wa zala zakuda uja sadziwa kuti akutchulidwa m'misonkhano ya mabwana ku California.

Chipambano chenicheni chinabwera mwakachetechete. Ku Indonesia anthu anatopa ndi jakisoni, nayamba kumangirira mabotolo pambali pa pulinta n'kulumikiza timapaipi mpaka ku katiriji. Kampani ya Epson itaona kuti yagonja, mu 2010 inatulutsa komweko pulinta yokhala ndi matanki ake, yothiramo inki kuchokera m'botolo. Canon, HP ndi Brother anatsatira. Lero makina amenewa ali m'masukulu, m'maparishi ndi m'mashopu a fotokope kuyambira ku Bembeke mpaka ku Mayani. Amadula pogula, koma botolo limodzi limasindikiza masamba masauzande. Amene ankati botolo ndi la anthu osauka ndi osazindikira, lero akugulitsa botolo lawolawo, lokhala ndi dzina ndi chidindo.

Ndipo pashelefu, pafupi ndi botolo la dzina lija, pali kale lina lofanana nalo kukula, lofanana nalo chitsekero, la theka la mtengo, losadziwika kwawo. Mnyamata uja akulithira m'matanki atsopanowo molunjika, akuimba mluzu. Jakisoni anamupatsa mng'ono wake, amene akuthirira mafuta pa tcheni cha njinga.