Kodi Masamu Amadyedwa?

Mwana wa mlongo wanga, wokulira ku Leicester, wapeza malo pa yunivesite ya Cambridge. Nkhaniyi itagwa pa gulu lathu la banja la WhatsApp, nthungululu zinalira mpaka mafoni kutentha. Kenako wina anafunsa zomwe mnyamatayo akaphunzire. Masamu. Gulu lonse linangoti zii!

Anaswa bata ndi amayi, kuchokera kumudzi ku Ntcheu. “Masamu? Kodi ku pulayimale kuja sanamalize? Ine ndimayesa akukatenga udokotala.”

Azakhali ena, ogulitsa tomato pa Lizulu, anathira ndemanga yawo. Akuti iwo amawerengera chenje cha anthu asanu nthawi imodzi, basi ili pamoto, mvula ikugwa, ndipo palibe anawavekapo chipewa cha makona anayi.

Poti malume ndine, mlandu unagwera ine: ndiwerengere ngati sukuluyi idzabweze ndalama zake. Fizi ya mwana wa ku England komweko inafika £9,535 pachaka mu 2025. Pa mtengo umenewo, zaka zitatu ndi £28,605, osawerengera pogona ndi chakudya. Boma limakongoza ndalamazi, ndipo munthu akayamba ntchito amamudula 9 peresenti ya zomwe walandira pamwamba pa £25,000 pachaka. Zikatha zaka 40 ngongole isanathe, yotsalayo amaikhululukira, chinthu chomwe wakatapila wa kwathu atachimva akhoza kukomoka. Ndinachezera usiku wonse ndi kope, m'mawa n'kutumiza zotsatira monyadira. Sipanathe mphindi.

“Malume, pepani, mwaiwala chiwongoladzanja. Komanso pamzere wachitatu mwachulukitsa pomwe mumayenera kugawa.”

Ndinamuyankha kuti netiweki ikuvuta.

Alamu anga, bambo ake a mwanayo, nkhawa analibe. Iwo dzina ndi limodzi basi: Jim Simons. Ameneyu ankatsogolera gawo la masamu pa yunivesite ya Stony Brook ku America, mu 1978 n'kutaya choko, kukayamba kugula ndi kugulitsa pamisika ya ndalama. Kampani yake ya Renaissance Technologies inkakonda kulemba ntchito akatswiri a masamu ndi sayansi kusiyana ndi anthu a kubanki. Pomwalira mu 2024, chuma chake chinali chitaposa madola 30 biliyoni. Alamu akamanena dzinali, maso amakhala ali pa denga, ngati akuyeza kale malata.

Ine ndinangowaponyera Grigori Perelman wa ku St Petersburg. Iyeyu anamasula funso la Poincaré, lomwe linazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka pafupifupi 100. Mu 2006 anamupatsa mendulo ya Fields, ulemu waukulu pa masamu. Anakana. Mu 2010 bungwe la Clay Mathematics Institute linati nayo miliyoni imodzi ya madola. Anakananso.

Amayi anapempha kuti ndibwereze pang'onopang'ono. Nditabwereza, anafunsa: “Kodi mwana ameneyo malume ake alipo?”

Pamenepa ndi pomwe masamu anga anagonera. Digiri ndi imodzi, koma makomo otulukira ndi ambiri. Wina amalowera kumabanki a ku London kapena kumakampani a makompyuta, n'kumaliza ngongole tsitsi lisanayambe kuthothoka. Wina amakaphunzitsa ana a sekondale. Wina amakakamira payunivesite pomwepo, jekete limodzi zaka khumi, akuthamangitsa funso lomwe padziko lonse amalimva ndi anthu okwana minibasi imodzi. Mnyamata wathuyu ndikamuona momwe amamwetulira akaona nambala yosagawika, ndimaopa kuti ndi wa m'minibasimo.

Funso lathuli si la lero ayi. Amati wophunzira wina anafunsa Euclid, mphunzitsi wa ku Alexandria zaka zoposa 2,000 zapitazo, kuti apindulanji ndi zomwe waphunzirazo. Mkuluyo anangoitana wantchito wake kuti amupatse mnyamatayo kandalama, poti iye kuphunzira kwake n'kofuna malipiro. Alamu atamva anati bola ameneyo, analandirako kena kake tsiku lomwelo.

Nkhani yomwe inawafika pamtima amayi ndi ya ku Cambridge komweko. Kale, zotsatira za mayeso a masamu ankazilengeza motsata ndondomeko, kuyambira wopambana onse, wotchedwa Senior Wrangler, mpaka wakumchira. Mu 1890 mtsikana wina, Philippa Fawcett, anaposa mnyamata amene anatenga dzinalo, koma digiri sanamupatse, chifukwa akazi pasukulupo anayamba kulandira madigiri mu 1948. Mlongo wanga atamva zimenezi anatumiza mawu oti sindingawalembe muno. Tsono wokhoza mokwawa uja, womaliza pamndandanda, anzake ankamupatsa chipande chamtengo. Chomaliza chinaperekedwa mu 1909, chachitali kuposa mita.

“Nanga woyambayo ankamupatsa chiyani?” anafunsa amayi.

“Dzina lokha, amayi.”

“Dzina? Ndiye wanzeru ndi wachipandeyo.”

Ndinawakumbutsa kuti mwambowo unatha zaka zoposa 100 zapitazo, koma iwo anali atayamba kale kujambula mawu opita kwa mdzukulu wawo.

“Iwe, pita ukaphunzire masamu akowo, ine ndavomera. Koma usakalimbikire kwambiri. Ukafunse bwinobwino za chipandecho, changa chinang'aluka chaka chatha.”