Firiji yakufa, mtengo wamoyo

Pali bodza limodzi limene amuna a kuno ku Chongwe timalikonda kuposa mabodza onse, ndipo ine ndine mlembi wamkulu wa bungwe lake, ngakhale palibe amene anandivotera. Bodzalo ndi lakuti, "Chisiyeni icho, chidzagwira ntchito tsiku lina." Pansi pa mawu amenewa pagona mafiriji amene analeka kulira kalekale ndipo tsopano amasunga mbale ndi mphemvu, ma TV a chimsana chachikulu ofunditsidwa kansalu koluka ngati mkwatibwi, njinga zopanda tcheni, nsimbi zopsa waya, ndi thumba la machaja amene mafoni ake tinalira kale maliro. Tsiku linalo silifika. Boma limasintha, chimanga chimakwera mtengo n'kutsika, mtsinje wa Chongwe umaphwa n'kudzazanso, koma firiji ili phee pakona, ikudikira mpulumutsi wake wa sipanala. Choncho lero ndaima pamaso pa anzanga a m'bungwe kuwapempha kuti katunduyu timugulitse pafoni, ofuna apikisane, wotchula ndalama zambiri atenge. Ndinene mosapsatira kuti pa malonda amenewa munthu wovuta kuposa onse ndi mwini katundu, kutanthauza ine ndi inu, abambo.

Okushoni si chinthu chachilendo kwa ife olankhula Chinyanja. Abale athu a ku Malawi amaudziwa bwino wa fodya ku Kanengo, kumene mlimi amaima chapatali manja kumbuyo, ogula n'kudutsa pa belo lake, thukuta la chaka chonse n'kulitchula mtengo iye asanameze n'komwe malovu. Wa pa intaneti unayamba kutchuka mu 1995, pamene Pierre Omidyar anatsegula ku America msika umene pambuyo pake unatchedwa eBay. Chimene chimanditonthoza mtima n'chakuti chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulidwa pamenepo chinali katochi kolozera ka laser, kakufa, ndipo kanapita pa $14.83. Mwiniyo anachita kumufunsa wogula ngati akudziwa kuti kanthuko sikayaka, iye n'kuyankha kuti akudziwa. Ndiye kuti msika waukulu chotere unayambira pa katundu wa mtundu wathu weniweni. Kuno tilibe nyundo kapena munthu wofuula mitengo. Tili ndi magulu a pa Facebook, Marketplace imene inayamba mu 2016, ndi status ya WhatsApp. Koma okushoni umafuna zinthu zitatu zokha, zonse zaulere: mtengo woyambira, ola lotsekera, ndi mwini katundu amene sasintha mawu ola likakwana. Chachitatucho ndicho chimasowa m'dera lathu lino.

Nthenda yathuyi akatswiri anaipima kale, ndipo ndikuifotokoza ngati sing'anga amene akutsokomola chifuwa chomwecho. Mu 1990 Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anasindikiza zimene anapeza atagawira ophunzira a ku Cornell makapu omwera khofi, ena n'kuwamana. Olandirawo atauzidwa kuti agulitse, ankafuna ndalama pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene anzawo ankafuna kulipira, pa kapu imene angoigwira kanthawi kochepa chabe. Ngati kanthawi kochepa kamawirikiza mtengo, nanga zaka khumi ndi zisanu zimachita zotani? Tsono ife a ku Zambia tili ndi kachirombo kena kowonjezera. Pa 1 Januwale 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, koma m'mitima mwathu palibe anabwera kudzawafufuta. Munthu amene anagula TV pa miliyoni imodzi mu 2010 akuyendabe ngati mwini chinthu cha miliyoni, chikhalirecho pa ndalama za lero inali K1,000 ili yatsopano, ili m'katoni, ili ndi rimoti. Lero rimoti inasowa, batani la mawu amalibaya ndi kamtengo ka machesi, ndipo popanda dikoda imangoonetsa mchenga. Mwiniyo akamatchula mtengo amawerengera tsiku limene anabwera nayo kuchokera ku Kamwala, aneba akusuzumira pampanda. Amawerengeranso usiku uja wa mu Febuluwale 2012, pamene mudzi wonse unathithikana m'nyumba mwake kuonera Chipolopolo ikunyamula chikho ku Libreville. Wogula usiku umenewo sakuudziwa. Iye akungoona chibokosi cholemera chofuna anthu awiri.

N'chifukwa chake langizo loyamba ndi lowawa: yambani pansi. Apa anzanga a m'bungwe amadzuka onse nthawi imodzi. Amati Chongwe si London. Ogula ndi ochepa, amadziwana, amapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo ukayamba pansi adzangonong'onezana kuti asapikisane, firiji ipite pa mtengo wa nkhuku. Mfundoyi sindiikana, popeza okushoni wa anthu awiri ogwirizana ndi chiwembu chabe. Koma taonani kumene mtengo wokwera umatifikitsa. Umangoitana mafunso awiri odziwika aja, "Ilipo?" ndi "Last price?", ndipo ofunsawo akayankhidwa amasowa ngati madzi a pampopi mu Okutobala. Mtengo wotsika umaitana gulu, ndipo gulu likasonkhana pamabwera chinthu chimene sichigulitsidwa m'sitolo: matama a munthu wosafuna kugonja pamaso pa anzake. Amuna awiri amene sanalotepo za njinga akhoza kukwezerana mtengo mpaka usiku, chifukwa choti wina anamuseka mnzake pa bawo chaka chatha. Pansi napo pali malire. Funsani kaye anyamata ogula zitsulo zakale kuti angapereke zingati, mtengo wawowo ukhale poyambira, chifukwa kutsika kuposa pamenepo ndiye mphatso. Kenako tulukani m'mudzi. M'magulu a ku Lusaka muli anthu amene sakudziwani, sadziwa abambo anu, ndipo sangapangane chifukwa nawonso sakhulupirirana.

Ola lotsekera lili ndi nzeru zake. Musatseke pakati pa mwezi, pamene ngakhale aphunzitsi akudyera m'buku la ngongole la pa kantemba. Tsekani mwezi ukatha, madzulo, anthu atakhuta. Musayese n'komwe nyengo ya Chakwela Makumbi, pamene Asoli ndi mfumu yawo yaikulu Nkomeshya Mukamambo II akupempha mvula, pakuti nthawi imeneyo ngwee iliyonse ili ndi dzina, ndipo dzinalo ndi feteleza. Dikirani chimanga chigulitsidwe. Matiresi, kachitofu ka mbale imodzi, ndowa ndi katebulo zili ndi nyengo yawoyawo, ophunzira a ku Chalimbana akamatsegulira, ndipo iwo safunsa kuti patebulopo panadyera ndani.

Langizo lachiwiri n'lovuta kuposa loyamba, chifukwa likufuna kuti tinene zoona. M'dziko lino mulibe firiji yakufa. Zonse "zimangofuna gasi". Mulibe galimoto yakufa. Zonse "zimangofuna batire". Mu 1970 George Akerlof analemba za msika wa magalimoto akale, n'kuonetsa kuti wogula akalephera kusiyanitsa yabwino ndi yovunda amatsitsa mtengo pa onse, eni abwino n'kuthawa, pamsika n'kutsala zovunda zokhazokha. Nzeru imeneyi inamufikitsa pa mphoto ya Nobel mu 2001, ngakhale amayi ogulitsa tomato pamsika wa Chongwe akanamuuza kwaulere, n'kumuikirapo mbasela. Bodza lathu la gasi ndilo lachititsa kuti wogula aliyense azibwera atanola kale mpeni wodulira mtengo pakati. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba magetsi n'kumasowa pafupifupi tsiku lonse, bodzali linanenepa, popeza firiji yamoyo ndi yakufa zinkaoneka chimodzimodzi, ndipo aliyense ankati bwerani mudzayese malaiti akabwera, cha m'ma 2 koloko usiku. Koma munthu wolemba kuti "siziziritsa, chitseko chimafuna njerwa, mashelefu onse alipo" amapeza wogula weniweni, makanika wofuna zipangizo kapena mayi wofuna kabati yosalowa makoswe. Ameneyo sabwerera m'mawa mwake ndi achimwene ake awiri.

Chithunzi nacho chinene zoona, koma za katundu yekhayo. Tulutsani chinthucho panja m'mawa, chipukuteni fumbi, jambulani mbali zonse ndi pamene pali chilema. Chotsani kumbuyoko kabudula woyanikidwa ndi mphika wa nsima ya dzulo. Koposa zonse kumbukirani kuti galasi la TV yozima ndi kalirole. A m'bungwe lathu ambiri atsatsa mimba zawo kudziko lonse, ali osavala malaya, foni ili m'manja, lilime lili panja, ndipo pa zinthu ziwiri zooneka pachithunzipo palibe chimene chinapeza wogula.

Tsopano tifike pa chitsutso chachikulu, chimene sichinenedwa mokweza: manyazi. Munthu akatsatsa mpando wake anthu amati zamuvuta, akaloba amufika pakhosi. Kwathu kuno kugulitsa katundu wa m'nyumba kumanunkha maliro, kutha kwa banja kapena kuchotsedwa ntchito. Komatu ndife omwewo amene timalawirira mbandakucha kukasalaula ku msika wa Soweto, kulimbirana jekete imene munthu wina wa kutsidya la nyanja anatopa nayo, n'kuivala Lamlungu mapewa ali m'mwamba. Salaula ndi yaikulu moti Karen Tranberg Hansen anailembera buku lathunthu mu 2000. Wotaya jeketeyo alibe manyazi, ife ogula tilibe manyazi, nanga manyaziwo amalowera pati wogulitsa akakhala ife? Amalowera pa achibale. Firiji ikhoza kukhala zaka khumi popanda woifunsa, koma ikangooneka pa status, mphindi zisanu sizitha foni isanalire: "Alamu, mukugulitsa chonsecho ife tilipo?" Alongo anu akumbukira kuti inali ya malemu, mphwanu akumbukira kuti munamulonjeza pa Khirisimasi inayake. WhatsApp imalola kubisira anthu ena status, koma chithunzi chili ndi miyendo, chimafika ku Rufunsa dzuwa lisanalowe. Ine ndimati achibale apatsidwe tsiku limodzi lathunthu. Auzeni poyera kuti chinthu chakutichakuti chikupita, wochifuna abwere nayo ngolo lero lomwe. Mudzadabwa kuona kuti chikondi cha pa firiji chimazilala nkhani yonyamula ikangoyamba. Pali mzere umodzi wokha umene ngakhale a Nobel sangakuwolotseni. Chilichonse chimene chinalowa m'nyumba kudzera pa kitchen party si chanu, ngakhale chikhale m'katoni chichokereni tsiku la ukwati. Mawu oti "chosafunika" amatchula ndi amayi a m'nyumba. Bambo akawatchula yekha, okushoni umatsekedwa ndi ankhoswe.

Za akuba n'zoona, ndipo sizifuna nkhani yaitali. Uthenga wonena kuti ndalama zalowa aliyense akhoza kuulemba, choncho yang'anani nokha zimene zili mu Airtel Money kapena MoMo yanu katundu asanakwere galimoto. PIN musauze munthu, ndipo wonena kuti watumiza zochuluka molakwitsa, mumubwezere zapamwambazo, muuzeni apite akalakwitsire kwina. Kumanani masana pamsika, pafupi ndi kanyumba kotumizira ndalama, osati kunyumba kwanu kumene wogula angawerengenso zimene simukugulitsa. Koma chimene chimapha malonda ambiri ndi msewu. Ndege zopita ku Dubai ndi ku Addis Ababa zimanyamukira m'dera lathu lomwe lino, pa Kenneth Kaunda International Airport, koma kuti kabati ichoke pa boma la Chongwe kukafika ku Lusaka, makilomita ngati 45 pa Great East Road, pamafunika Canter, anyamata awiri, chingwe ndi pemphero, ndipo zonsezi zikhoza kudula kuposa kabatiyo. Lembani pachiyambi pomwe kuti wonyamula ndi wogula. Mukaiwala, mudzatsala mukulipira munthu kuti akulandeni katundu wanu.

Otsutsa omaliza ndi ochenjera kuposa onse. Amati ndalama zake n'zochepa, sizikwanira n'komwe thumba la feteleza, ndiye kuvutikiranji? Zoona, firiji yakufa simanga nyumba. Koma pamene yachokapo pakhoza kugona mwana, kapena matumba a chimanga amene panopa akugona pakhonde. Vuto limene ine mlembi wamkulu ndilibe nalo yankho lili kwina. Kuti mugulitse muyenera kulowa m'gulu, ndipo mukalowa simungatsinzine, mudzaona zimene anzanu akugulitsa. Ndalama zangolowa kumene, zikadali zofunda m'foni, pakona pali mbee, ndipo apo bambo wina wa ku Silverest akutsatsa jenereta yaikulu, yofiira, yoyambira pa mtengo wotsika momvetsa chisoni. Walemba kuti imangofuna pulagi. Okushoni ukutseka 8 koloko usiku uno, ndipo munthu uja anakusekani pa bawo watchula kale mtengo.