Ulemu kwa Dontho la Pansi pa Thalakitala

Kuno kwa Lundu madzi timawadziwa. Makolo ankanyamula nsembe kupita ku Khulubvi kukapempha mvula kwa Mbona, ndipo namondwe Freddy mu Marichi 2023 anatikumbutsa kuti madzi akafuna amabwera osaitanidwa. Koma alipo madzi ena amene palibe anawaimbirapo nthungululu: dontho lija lotsika pansi pa Massey Ferguson 135 ya amalume anga, tho, tho, chilimwe ndi dzinja lomwe. Lero ndalivulira chipewa.

Mathalakitala a mtundu umenewu anasiya kuwapanga kalekale. Yathuyi nyali imodzi inatsala pamsewu wa ku Ngabu, mpando ndi thumba la thonje, koma dontho silinajombepo ntchito n'tsiku limodzi lomwe. Walembedwa ndani wokhulupirika chotere? Ndiponso lalemba anthu ntchito. Mphwanga amene akanamangozungulira pa Nchalo tsopano ali ndi udindo: amakhala pambali pa dalaivala atakumbatira chigubu cha malita 20.

Chimene ndimaligomera kwambiri ndi kubisala. Mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40, dontho likagwera pa injini limauma lisanafike pansi, n'kungosiya kamzere koyera ngati podutsa nkhono. Amalume amayala katoni pansi pa injini usiku. M'mawa banga lilipo, koma banga limanama, chifukwa dontho limayamba layenda pachitsulo n'kukagwera kutali ndi kwawo. Ndiye munthu wamkulu, wa zidzukulu, amagona chagada m'fumbi kulondola kamzere kaja chokwera, ngati mlenje pa mapazi a gwape. Amafinya payipi kuti aone ngati yalefuka. Amasuzumira kabowo ka pansi pa pampu yamadzi. Amatembenuza chitsekerero cha rediyeta kuona ngati mphira wake wang'ambika. Ndi mfumu iti ina imene imagoneka akuluakulu m'dothi popanda kulankhula?

Limaphunzitsanso kudekha. Chitsekerero chija sachitsegula injini ili yotentha, ndipo amene anapupuluma amayenda ndi satifiketi yake padzanja.

Tsiku limene makaniko anabwera, tonse tinaima ngati pabwalo la milandu. Analiza injini n'kuyang'ana m'khosi mwa rediyeta. Thovu likamatumphuka osaleka, ndiye kuti gasiketi yapsa. Kunali zii. Anayang'ana utsi, sunali woyera. Kenako anasolola kandodo ka oyilo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa m'mimba mwa injini, ndipo ndalama ya thonje la chaka chonse yapita. Anatuluka wakuda bii. Sindinaonepo amalume akukondwera ndi chinthu chakuda motero.

"Mumathira madzi a kuti, bambo?" anafunsa makaniko.

"A pamjigo."

Anapukusa mutu. Mijigo yambiri m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere umadya chitsulo cham'kati mwakachetechete. Kunena zoona, dontho timalilera tokha. Timalidyetsanso bwino: uyu akuti thiranimo dzira laliwisi, uyo akuti fodya wonunkhiza, wina sopo. Thalakitalayi yadya mazira ambiri kuposa ana a m'nyumbamo. Dzira limatseka bowo, inde, koma limatsekanso timachubu ta rediyeta, injini n'kuyamba kuwira ngati mphika wa nyemba.

Wolakwa anapezeka: kachitsulo komangira payipi yam'munsi, kodyeka ndi dzimbiri, kotsika mtengo kuposa nkhuku. Makaniko anaikapo kena, analandira zake, napita.

Masiku awiri katoni inadzuka youma. Mphwanga anasowa chochita, amalume amangoizungulira thalakitala manja kumbuyo ngati aferedwa. Tsiku lachitatu m'mamawa ndinawamva akuitana, mawu ali gwa ngati a mnyamata: "Iwe, tenga chigubu! Layambira kwina."