Kodi Dzuwa N'la Chipani Chanji?

Aliyense amene anakhalapo pa Chitala m'mwezi wa Okutobala, pamene mbuzi zimalimbirana mthunzi ndi eni ake ndipo phula la mseu wa ku Nkhotakota limachita ngati lisungunuka, angachitire umboni kuti chuma chimene Namalenga anatininkha mosefukira, osayeza ndi mbale, ndicho dzuwa; koma ife, amene nzeru zathu zimaphuka chisankho chikamayandikira, tinaona kuti sikoyenera kuti chinthu chachikulu chotero chiziyenda chopanda khadi ya chipani. Kodi si ife amene mu 2010 tinachotsa dzuwa lotuluka pa mbendera n'kuikapo lathunthu loyera, ati poti tatukuka, ndipo mu 2012 n'kulibwezanso kum'mawa kuti liyambirenso kutuluka? Yoswa uja analiimitsa tsiku limodzi lokha. Ife tinalibweza m'mbuyo kudzera m'Nyumba ya Malamulo.

Tsono m'nyengo ya kampeni ina, mkulu wina wofuna uphungu, amene nkhope yake tinali tisanaionepo pa maliro alionse, anatitulira mapanelo a sola anayi ndi pampu yake, kuti amayi apumule kupopa mjigo. Komiti inakumana patsinde pa mango. Wapampando, bambo waulemu wake amene savula jekete ngakhale kunja kutasanduka ng'anjo, anapukuta panelo limodzi ndi mpango, naliyang'anitsitsa monga sing'anga ayang'ana ula, nati: "Abale anga, ndisachimwe pakamwa. Kodi si labuluu ili?"

"Pepani a Tcheya," anayankha mlembi ataomba m'manja, "maso a akulu sitiwatsutsa, koma ili n'lakuda bii, ngati tambala."

Mayi msungichuma, amene m'dengu mwawo muli zitenje za zipani zonse zopindidwa bwino kudikira tsiku lake, anafunsa modzichepetsa kuti nanga madziwo adzatuluka a mtundu wanji; anauzidwa kuti mfundo imeneyo siili pa ajenda.

M'mawa mwake kunadza anyamata a phungu wokhalapo, kudzalengeza kuti mjigowo anakumbitsa ndi bwana wawo, choncho katundu wa mlendo sangakwere pamenepo. Madzulo kunadza a mwini mphatso, kudzachenjeza kuti wina asayerekeze kumanga ngakhale bawuti imodzi bwana asanafike ndi atolankhani kudzadula riboni. Komiti, pofuna kusakhumudwitsa aliyense, inaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo inagamula mwanzeru kuti katunduyo akasungidwe kwa a mfumu, m'chipinda cham'kati, mmene dzuwa silinalowemo chimangireni nyumbayo.

Musaganize kuti nthendayi n'ya mjigo wokha. Kwa Kanzimbe, m'boma lathu lomwe lino la Salima, kuli munda wa mapanelo wotulutsa mamegawati 60, umene ntchito yake inayamba mu 2018 a Peter Mutharika akulamula, n'kudzatsegulidwa mu Novembala 2021 ndi a Lazarus Chakwera. Ndipo pa bawo mkangano sunathebe wakuti mwana ndi wa yani, wa wopereka pathupi kodi kapena wa wodula mchombo, pamene dzina la kampani ya ku Canada ya JCM Power, imene inamanga, silitchulidwa n'komwe. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mdima sunafunse munthu kumene anachonga.

Okanganawo, akatopa, amapita limodzi kukatchaja mafoni kwa mnyamata wometa, amene anadzigulira kapanelo kake ndi ndalama ya thonje osapempha chilolezo kwa komiti.

Wofuna uphungu uja anagwa, ndipo popeza mlendo ndi mame, sanaonekenso. Amayi akupopabe mjigo. Mapanelo atatu akali m'chipinda chija. Lachinayi linaonana nalo dzuwa ndithu, pakuti akunyumba kwa a mfumu amayanikapo mfutso.