Malangizo kwa ofuna kupanga galasi lonamiza nkhope

Ngati magalasi onena zoona akutopetsani, tcherani khutu. Mdani wanu ndi mphamvu imene imakoka pamwamba pa chinthu chamadzimadzi, yomwe ija imabulungitsa dontho la madzi. M'galasi losungunuka mphamvuyi imaposa ya m'madzi pafupifupi kanayi, ndipo mukailekerera imasalaza zinthu osatumidwa. Musailekerere.

Yambani ndi kunyoza nzeru za Alastair Pilkington wa ku St Helens, ku England. Njira yake, yomwe inalengezedwa mu 1959, ndi yothira galasi losungunuka pamwamba pa chitsulo cha tin chosungunukanso. Galasilo limayandama, nkumafalikira mpaka kulemera kwake kutalingana ndi kukokana kuja. Limakhazikika litachindikala mamilimita 6 kapena 7, losalala mbali zonse popanda wolipala. Ntchito yaulere chonchi ikukayikitseni, bwana. Anzanu amateteza tin ndi mpweya wa nayitirojeni ndi haidirojeni. Inu tsekulani pakhomo, okosijeni alowe adetse chitsulocho, nacho chidetse galasi.

Za thovu la m'galasi nzosavuta. Ng'anjo imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,500, koma mafuta adula, choncho chepetsani moto. Sodium sulphate, amene amathandiza kuti tithovu tikule ndi kukwera pamwamba, musamugule. Totsalira m'katimo mudzauza ogula kuti nzokongoletsa.

Luso lenileni lili pa njerwa za ng'anjo. Zisiyeni zidyeke, makamaka pamzere pamene galasi, njerwa ndi mpweya zimakumana, poti kusiyana kwa kukokana kumayendetsa galasi pamenepo usana ndi usiku, nkumanyenya khoma. Alumina wochoka m'njerwamo akasungunukira m'galasi amapanga kagawo kokokana kwambiri kuposa kena konse. Kagawo kofooka kakanangofalikira nkusakanikirana ndi anzake; aka ayi, kamadzikundikira pakokha ngati mbulu wa mu nsima. Ndiye musatakase, chonde. Galasi likamakokedwa, kagawoko kamatambasuka kukhala mzere wopotoza kuwala, moti munthu wa mphuno imodzi amaoneka ngati ali ndi imodzi ndi theka.

Poziziritsa fulumirani ndithu. Loziziritsidwa pang'onopang'ono limakhalitsa, ndipo wogula sabweranso.

Likapanda kusweka panjira, kagulitseni kwa wometa tsitsi. Kasitomala akadandaula kuti mutu wapendekeka, mlanduwo ndi wa wometayo.