Mmene Mungakonzere Buku la Zithunzi Loti Lisathe Msanga

Buku la nthano za zithunzi, lija ku Mozambique amati banda desenhada, mdani wake wamkulu ndi wowerenga. Likagwera m'manja mwa mnyamata wa ku Mandimba Lolemba, pofika Loweruka limakhala litazungulira kalasi yonse, chikuto chitathothoka, tsamba lapakati litadontheredwa mafuta a mandasi. Katswiri ngati inu sangalole zotere. Buku lanu liyenera kumanunkhirabe inki pakatha zaka zisanu, ndipo njira yake ndi yosavuta.

Yambani ndi malo. Nthano ichitikire kudziko la chipale chofewa, m'nyumba yachifumu yamiyala ya nsanja zosongoka. Mtsikana wa ku Cuamba amadzuka tsiku lililonse akuona mapiri a Mitúcue ataima pafupi ndi tauni. Akawapeza m'buku adzayamba kukhulupirira kuti mizimu ya m'nthanoyo ndi anansi ake, ndipo sadzagona asanamalize. Ngozi imeneyi ipeweni. Nyanja ya Amaramba, kumene umayambira mtsinje wa Lugenda, isaoneke. Sitima yochokera ku Nampula, imene imaima m'masiteshoni amayi akugulitsira matimati ndi anyezi pazenera, isalire ngakhale patsamba limodzi.

Chilombo itanitsani cha ku Ulaya, chinjoka chamapiko cholavula moto. Napolo musamuyandikire. Iyeyu anthu amamudziwa kale. Amati amagona pansi pa phiri, ndipo tsiku limene wafuna kusamukira kunyanja amakokolola miyala, milatho ndi midzi, monga momwe akuluakulu a tsidya la Malawi amasimbira za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Chilombo chimene agogo angachichitire umboni chimakokera banja lonse pabuku limodzi, ndipo mapepala sapirira manja ochuluka chotero. Mbiri nayo muitalikire. Ku Niassa kunali mafumu a Chiyao a dzina la Mataka, amene ankatumiza minyanga ya njovu kugombe ndipo Apwitikizi anadzalanda likulu lawo la Mwembe mu 1912. Nkhani yotero ili ndi maulendo, nkhondo ndi chinyengo chokwanira mabuku khumi, choncho ndi yoopsa. João Paulo Borges Coelho anajambulapo mbiri ya kumpoto kwa Mozambique m'buku la Akapwitchi Akaporo mu 1981, ndipo mpaka lero anthu akulitchulabe. Onani mmene kusasamala kumamutsatira munthu.

Za chinenero n'zachidule. Ku Ngauma ndi ku Mandimba ambiri amalankhula Chiyao, ku Cuamba Chimakuwa, pamsika ndi pachipata cha Chiponde Chinyanja chimamveka, kusukulu n'Chipwitikizi. Inu lembani m'Chingerezi. Akakukakamizani Chinyanja, lowetsani mawuwo m'makina otanthauzira ndipo zotulukazo musazikhudze. Mdzukulu aziti "iwe" kwa agogo ake, mfumu iziyankha "chabwino bwanawe" pabwalo la milandu, ndipo mnyamata pofunsira mbeta azilankhula ngati wowerenga nkhani za pawailesi.

Tsopano tifike pa luso lenileni, la timabokosi ndi timabaluni ta mawu. Ojambula osaphunzira amasiya chithunzi kuti chizilankhula chokha. Inu musachikhulupirire. Mukajambula munthu akumenya fisi ndi chibonga, lembani pamwamba pake kuti munthuyu akumenya fisi ndi chibonga. Munthuyo anene m'kabaluni kuti akumenya fisi, fisinso avomereze kuti akumenyedwa. Kabaluni kakule mpaka kaphimbe nkhope zonse ziwiri. Zilembo zikhale zazing'ono kwambiri, poti owerenga anu ambiri amawerenga usiku ndi tochi ya pafoni, ndipo maso achinyamata amafunika kuwalimbitsa. Mabuku a manga a ku Japan, monga Naruto, amawerengedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere, pomwe athu amayambira kumanzere. Musakondere mbali. Sinthasinthani tsamba ndi tsamba osachenjeza, kuti mfumu iikidwe m'manda kaye kenako idwale.

Ngwazi yanu ikhale yopanda banga. Isaname, isachite mantha, isasirire kanthu. Matsenga ake akhale opanda malamulo. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mankhwala a m'nthano amayenda ndi zoletsa zake: usacheuke, usadye zamchere, usauze munthu. Zoletsa zimenezi ndi zimene zimamugwira wowerenga pamtima, chifukwa amadikira tsiku limene ngwazi idzacheuke. Zichotseni. Vuto likabwera, mphamvu yatsopano izitulukira pomwepo kuchokera m'thumba. Woipa naye akhale wozizira ngati nsima ya dzulo. Kumbukirani Xiconhoca, kamunthu ka m'makatuni kamene Frelimo inayamba kufalitsa mu 1976 kuti kaimire waulesi, wakatangale ndi kazitape. Anakajambula mwamoyo kwambiri moti dzina lake linasanduka chitonzo chimene anthu amatchulanabe. Woipa wanu aiwalike tsamba lisanatembenuzidwe.

Nkhondo ikafika pachimake, lupanga lili m'mwamba, imitsani zonse. Ngwazi itembenukire kwa wowerenga n'kumufotokozera kwa masamba atatu ubwino wolemekeza makolo ndi wosamba m'manja. Achinyamata amamva uphungu kunyumba, kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti ndi kusimba, choncho akausowa m'buku angasokonezeke. Nthano ya pamoto imapatsa omvera mpata woti "tilitonse". Yanu isafunse kanthu kwa munthu.

Kusindikiza ndiko kumamaliza ntchito. Pentani pakompyuta ndi mitundu yakuda bii, usiku wa buluu ndi nkhalango yofiirira, kenako kachititseni fotokope yopanda mitundu pamakina amene inki yake ikutha. Nkhope za anthu akuda zidzasanduka mabanga, maso okha ali mbee, ndipo wowerenga adzakhala ndi ufulu wosankha yekha amene akulankhula. Buku lopinda pakati n'kumenya sitepula limafuna masamba ogawika ndi 4, monga 28 kapena 32. Inu konzani 30. Awiri otsalawo wosindikiza adzasankha yekha oti ataye, ndipo kawirikawiri amakhala omaliza.

Mtengo muufananitse ndi wa thumba la chimanga. Mwambo wokhazikitsa bukulo uchitikire mu hotela ku Maputo, kumene palibe mwana wa ku Massangulo angakusokonezeni ndi mafunso. Ku Niassa mabuku afike mu February, nkhokwe zitapepuka, fodya asanalowe pamsika, thonje likadali m'munda. Wina akakuuzani kuti achinyamata amagawana zinthu pa WhatsApp ndi pa Bluetooth, muthokozeni, ndipo mukonze fayilo ya PDF yolemera moti bandulo ithe tsamba lachitatu lisanatseguke.

Makatoni otsala, amene adzakhale pafupifupi onse, musawaike pansi kapena kuwatsamiritsa kukhoma. Akwezeni pathandala, muthire phulusa kuzungulira miyendo yake, ndipo muziyendera kamodzi pa sabata nthawi ya dzinja. Chiswe sichisankha chinenero, ndipo chikayamba buku chimafika nalo kumapeto.